Beseni la Sisita Rhoda

Rhoda anali namwino wa ku Ntcheu amene boma linamutumiza ku Mzimba m'zaka zija munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Ankagwira ntchito m'wodi ya ana, ndipo chaka chimenecho chikuku chinavuta. Tsiku lonse m'makutu mwake munkangomveka kulira, kwa ana ndi kwa amayi awo, ndipo akaweruka phokosolo linkamulondola mpaka kunyumba.

Choncho anali ndi kachizolowezi kake. Akafika ankavula yunifomu, kufunditsa madzi pa mbaula, kuthiramo mchere, kutseka chitseko, n'kuviika mapazi m'beseni. Sankapemphera, sankasoka. Ankangokhala phee, akupuma pang'onopang'ono, mpaka madziwo atazizira. Akatero ankadzuka ali munthu wotha kuseka ndi kupereka moni.

Koma pa mdadada wa nyumba zimenezo, chitseko chotseka dzuwa likadali m'mwamba chinali mlandu. Moyang'anizana naye munkakhala Phoebe, amene onse ankamutchula Nyajere, mkazi wa a Zondwayo, tcheyamani wa nthambi ya chipani. Mayi ameneyu ankadziwa ndiwo za khomo lililonse pongonunkhiza utsi.

"A Sisita, nyama ya dzulo inakoma chomene, eti?" anatero Nyajere pampopi, amayi ena akumva. "Ife akuno tikaphika nyama sititseka, mbwenu mwana wa mnzako alaweko."

"Nyama yake iti, a Nyajere? Ndinadya mpiru ngati inu nomwe."

"Yewo. Mpiru wotsekera chitseko. Wa ku Ntcheu umenewo."

Amayi aja anaseka. Rhoda anasenza ndowa yake akunyogodola mumtima. Munthu wamkulumkulu, wa ana ake, ntchito kulondera zitseko za eni!

Nkhani ya nyama itasukuluka, inabadwa ina. Akuti Sisita amatseka kuti azimvera wailesi zakunja. Iyi sinali yoseketsa. Mphunzitsi wina wa pa Boma pomwepo ananyamulidwa pa galimoto ya apolisi chifukwa cha mphekesera yaing'ono kuposa imeneyi, ndipo mkazi wake anabwerera kumudzi yekha ndi katundu.

Madzulo ena, mapazi ali m'madzi, Rhoda anamva odi. Analowa a Zondwayo, mkazi wawo ali pambuyo, khosi atalisolola. Bamboyo anasuzumira kunsi kwa bedi, kuseri kwa kabati, ngakhale m'dengu la makala.

"Wailesi ili kuti, amama?"

"Sindinakhalepo nayo, adada."

"Nanga muno mumatani?"

"Ndimakhala."

"Ndi ndani?"

"Ndekha."

"Kuganiza chiyani?"

"N'chimene ndimatsekera, kuti ndisaganize kanthu."

A Zondwayo anayang'ana beseni lija ngati liwauza zina. "Munthu wosaganiza kanthu ine sindinamuonepo," anatero. "Sindikuti mwalakwa. Koma ndapota, chitseko ichi chizikhala chotsegula mpaka kude. Apo ayi nkhaniyi ifika ku ofesi ya chipani, ndipo kumeneko ine sindikakhala ndi pakamwa."

"Ngakhale nyama mulibe," anadandaula Nyajere potuluka, ngati amulanda chake.

Rhoda anayesa kungozisiya. Beseni analiponya kuseri kwa nyumba, chitseko n'kuchisiya pululu. Akangofika, uyu wabwera kudzapala moto, uyo kudzaonetsa chilonda cha mwana, wina kudzangoona ngati chatsegulidwadi. Tulo tinayamba kumuthawa. Ndiye m'mawa wina, m'wodi, mayi wa ku Engutwini atamufunsa kachiwiri za mankhwala a mwana wake, Rhoda anamukalipira mpaka mayiyo anagwada n'kupepesa, mwana ali kumsana akutentha thupi. Rhoda anaima chilili, manyazi atamugwira. Anaona kuti akapitiriza chonchi, chipani sichidzavutika n'kumuchotsa ntchito. Adzakhala ataiwononga yekha.

Tsiku lomwelo ataweruka anatola beseni lake, kulitsuka, kufunditsa madzi. Chitseko anachitsegula mpaka chinagunda khoma, n'kuchiimika ndi mwala kuti aliyense akhutire. Kenako anaika mpando pakhomo penipeni, kuyang'ana kwa Nyajere, n'kuviika mapazi.

Nyajere anali pakhonde pake akusadzula nyemba. "Mwatandala, a Sisita?"

Rhoda anakweza dzanja pang'ono, koma pakamwa sanatsegule. Ankangopuma, maso ali patsogolo, pamene panali khonde la mnzakeyo. Sanamuyang'ane mwaukali ayi. Anamuyang'ana monga mmene ankayang'anira khoma.

Tsiku loyamba amayi anasonkhana kudzaonerera, koma mapazi m'madzi si gule, ndipo anabalalika msanga. Anatsala Nyajere yekha. Akakalipira mwana, maso aja alipo. Akabisa ndiwo m'nsalu pochoka kumsika, maso aja alipo. Akakangana ndi a Zondwayo za mowa, ankachita kunong'ona ngati ali m'tchalitchi. Kodi akanakadandaula kuti chiyani? Chitseko n'chotsegula, monga a tcheyamani analamulira.

"Kodi simungayang'aneko kwina, amama?" anafunsa tsiku lina.

Madzi anali asanazizire, choncho yankho panalibe.

Nyajere ananyamula lichero lake ndi mpando wake, kukankhira ana m'nyumba, n'kumenyetsa chitseko dzuwa likadali m'mwamba. Rhoda anagwedeza zala m'madzi ofunda, natsinzina.