Mtima wa Kachiwala

Telala wina anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, wa zaka zitatu. Ankamutchula kuti Kachiwala chifukwa sankayenda ngati anzake, ankangodumpha. Ndiye tsiku limene anagona phee pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, thupi litatentha, bambo akewo anadziwa kuti zinthu sizili bwino. Mankhwala akunyumba sanaphule kanthu. Pofika tsiku lachisanu, maso anali psuu, milomo itang'ambika, manja atatupa moti supuni inkamupulumuka.

Kuchipatala, dokotala, mayi wamfupi wolankhula mofatsa, anamuyang'ana lilime n'kuwerenga ndi zala masiku amene wadwala. Anafotokoza kuti mitsempha ya magazi ya mwanayo yatupa, ndipo chithandizo chikachedwa kupitirira masiku khumi, timitsempha todyetsa mtima tikhoza kufufuma n'kuwonongeka.

"Mwabwera nthawi yabwino, bambo," anatero.

Namwino atapachika botolo la diripi, telala anafunsa kuti mankhwala ooneka ngati madziwo ndi otani. Namwino anati amawasefa kuchokera m'magazi a anthu masauzande, amene anapereka osadziwa n'komwe kuti adzathandiza ndani. Tsiku lonse telala anayang'anitsitsa madontho akutsika limodzilimodzi, akulowa m'kadzanja kotupa kaja. Mkazi wake atamukodola kuti akadye, anakana, ati sangatuluke n'kusiya alendo ochuluka chonchi m'chipindamo.

Mawa lake masana thupi linazizira. Kachiwala anadzuka, n'kuyamba kukalipira mayi ake kuti nsapato zake aziika kuti.

Patatha milungu isanu ndi umodzi akumwa timapiritsi tsiku lililonse, anabwerera kukaunikitsa mtima. Dokotala anamupaka mafuta ozizira pachifuwa n'kuyendetsapo kachipangizo. Pagalasi la makinawo panaoneka kanthu kotuwa, kakutseka n'kutsegula, osapumula. Dokotala anamulozera telala kamzere kakang'ono, nati ndiwo mtsempha umene ankauopera; m'lifupi mwake munali mamilimita awiri. Telala anasolola tepi yake yoyezera nsalu m'thumba, n'kuika chikhadabo pa timizere tiwiri toyambirira. Anayang'ana tepi, anayang'ananso galasi.

"Moyo wonse wa mwanayu ukudutsa pamenepa, adokotala?"

"Pomwepo. Ndipo pali bwinobwino."

Telala anapempha kuti asazimitse kaye makinawo. Panja panali mzere wa odwala, koma dokotala anadikira pang'ono, uku Kachiwala akuphiriphita pabedi, akudandaula kuti akumugirigisha.