Kinue Aphika Mpunga Wofiira

Foni inalira Kinue ali kukhitchini, manja ali mumchere, akutsendera masamba mumbiya kuti adzadye nyengo ya chisanu. Anali a Kagaya, namwino wa zaumoyo wa m'dera lathu, yemwe anabwera kuholo ya m'mudzi mwezi wathawo kudzatenga magazi a nkhalamba zonse za m'chigwa chino.

"Mayi Hatakeyama, zotsatira za magazi anu zatuluka. Chizindikiro cha kachilombo ka m'mimba kaja sichinapezeke, koma mwagwera m'gulu D, ndiye..."

"Sichinapezeke! Ee, zikomo, zikomo kwambiri mwana wanga. Mwavutika nane."

"Ayi, tamvani kaye amayi. Ndikufuna mubwere Lachinayi tidzakambirane bwinobwino."

"Ndibwera, ndibwera. Zikomo."

Anaweramira foniyo kangapo ngati a Kagaya akumuona, n'kuidula. Kinue ali ndi khutu limodzi logontha, ndipo labwinolo limangomva zomwe mwini wake akufuna. Koma sindingamudzudzule kwambiri. Kuno kuchigawo cha Akita khansa ya m'mimba timaidziwa ngati mnansi. Inatenga bambo ake a Kinue, inatenganso mwamuna wake, ndipo aliyense anamva kuti gwero lake ndi kachilombo komwe tinamwera m'madzi a pachitsime tili ana. Munthu wotero ukamuuza kuti kachilomboko sikanapezeke, mawu ena onse otsatira amapita ndi mphepo.

Asanasambe n'komwe m'manja anaimbira Norihiko, mwana wake mmodzi yekhayo, yemwe amagwira ntchito pafakitale kutali mumzinda wa Kawasaki. Norihiko anali asanapondeko kumudzi chiikireni bambo ake, koma pa nkhani ya magaziyi anali atalonjeza. Anati zikatuluka zoipa akwera sitima, adzakhale sabata yathunthu, adzawatengere amayi ake kuchipatala chachikulu.

"Norihiko, ndilibe! Akuti ndilibe kachilombo. Usavutike kubwera."

"Zoona amayi? Aa, mwandipepuza mtima. Ndiye masiku a tchuthi aja ndikawabweze kwa abwana, anzanga akuchepa pantchito. Ndidzabwera chisanu chikatha."

"Ukabweze, ukabweze. Sindine wodwala ine."

Atadula foni anakhala kanthawi pampando. Anali wokondwa, komabe penapake pamtima panamuwawa, chifukwa anali atayanika kale matiresi a mwanayo padzuwa.

Kwathu kuno nkhani yabwino siyenda ndi pakamwa pokha. Mwana akabadwa, akakhoza mayeso, kapena munthu akatuluka m'chipatala, umaphika mpunga wofiira wa nyemba n'kugawira nyumba zoyandikana. Kinue ananyika nyemba tsiku lomwelo. M'mawa mwake anapakira mpungawo m'timabokosi n'kuyamba kuzungulira. Ulendo wake sunali wautali. Nyumba zambiri za kumtunda kwa mlatho zinatsekedwa kalekale, eni ake ena ali kumanda, ena kwa ana awo kutauni. Anamalizira kwa Tsuyako, mnzake wa kusukulu, yemwe anamupeza pakhonde akulimbana ndi mapilitsi.

"Ukwati wa ndani?" anafunsa Tsuyako ataona bokosilo. "Usandiuze kuti wapeza mdala."

"Mdala ndimutenga kuti, onse munamaliza kuika? Magazi atuluka bwino. Ndilibe kachilombo."

"Iwe? Mmene umakondera mchere muja? Dziko lilibe chilungamo. Ine andiika gulu B, akuti ndili nako, ndimwe zimapilitsi izi sabata yonse, m'kamwa kuwawa ngati ndatafuna ndulu. Iwe gulu lanji?"

"D."

"D? Kusukulu ukanakwapulidwa nayo imeneyo."

"Apa ayamba kuwerenga ndi odwala. A, B, amenewo ndinu. Ife a D tili kutali."

"Tadikira, ine ndinamva ngati A ndiye abwino."

"Unamva ndi khutu liti?"

Anaseka mpaka Tsuyako anatsamwa. Kenako mpongozi wa Tsuyako anatuluka kudzanena kuti tiyi wapsa, adzukulu akuthamangitsana m'nyumbamo, ndipo Kinue anatsanzika msanga, akuti wasiya moto.

Lachinayi anayendetsa kagalimoto kake ka kumunda kupita kuofesi ya zaumoyo, atanyamula bokosi lina la a Kagaya. Namwinoyo atatsegula n'kuona mpunga wofiira, nkhope yake inagwa. Anasuntha mpando n'kukhala kumbali ya khutu labwino.

"Amayi, ndalakwa ndine, ndikanabwera kunyumba. M'magazi timayang'ana zinthu ziwiri. Choyamba ndi asilikali omwe thupi limapanga likamalimbana ndi kachilomboko. Chachiwiri chimatiuza ngati khungu la m'kati mwa chifu lidakali lochindikala. A gulu A alibe kachilombo, chifu chili bwino. A B ali nako, koma chifu sichinaonongeke kwenikweni. A C ali nako, chifu chayamba kupyapyala."

"Nanga ine?"

"Inu mwina munali nako kuyambira muli mwana. Kadya khungulo zaka zonsezi mpaka latha. Kasowa pokhala, kachoka kokha. N'chifukwa chake asilikali aja sakuonekanso."

Kinue anayang'ana manja ake. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Ndiye kuti nakonso kandithawa."

A Kagaya sanaseke. Anafotokoza kuti sizikutanthauza kuti ali ndi khansa, koma a gulu D ndiwo ali pachiopsezo kuposa onse, choncho pafunika kamera ilowe m'mimba mwezi womwewo. Kuchipatala cha kutauni amabaya jakisoni wogonetsa, munthu osamva kanthu, koma akatero saloledwa kuyendetsa galimoto, ndipo wa msinkhu wa Kinue ayenera kubwera ndi womuperekeza.

"Mwana wanu angabwere?"

"Angabwere," anatero Kinue. "Ndimuuza."

Apa ndiye pamene anthu a kwathu amandikwiyitsa. Timaopa kuvutitsa munthu kuposa mmene timaopera imfa. Mawu ofunika anali ochepa: mwana wanga, ndinamva molakwa, bwera. Koma Kinue ankaona Norihiko ataima pamaso pa abwana ake, akupemphanso masiku omwe wangobweza kumene, akuwerama, akupepesa chifukwa cha mayi wogontha. Ankaonanso mudzi wonse utadya mpunga wake. Madzi akatayika saoleka. Kupempha mpongozi wa Tsuyako kukanatanthauza kuti pofika madzulo chigwa chonse chadziwa kuti Kinue anaphikira anthu chikondwerero cha matenda ake.

Lamlungu Norihiko anaimba yekha. Kinue anali atakonza mawu ake, ali pa nsonga ya lilime.

"Amayi, muli bwanji? Ndauza anzanga kuti amayi anga ndi chitsulo. Mukudziwa, sabata yonse ija sindinkagona bwino. Ndinkangoona za ababa zija zikubwereranso. Sindikanakwanitsa kachiwiri, amayi."

"Usamaganize zambiri iwe. Ukudya koma?"

"Ndikudya. Kumeneko kwayamba kuzizira?"

"Kwayamba. Zimbalangondo zatsikira m'minda, zatha zipatso za kwa Tsuyako."

Anakamba za zimbalangondo mpaka nthawi ya Norihiko inatha. Kinue analowa kuchipinda, n'kupinda matiresi aja, n'kuwabwezera m'kabati.

Tsiku la kamera anadzuka osadya kanthu monga anamuuzira, n'kuyendetsa yekha kagalimoto kake kutsika chigwa, kudutsa minda yokololedwa kale. M'chipinda chodikirira aliyense anali ndi wake: mdala wina ndi mkazi wake womunyamulira chikhoti, mayi wina ndi mwana wake wamkazi akukangana motsitsa mawu za nsapato. Kinue anasirira ngakhale mkanganowo. Anakhala pakona, chikwama pamiyendo.

"Wokuperekezani ali kuti, amayi?" anafunsa namwino wa pamenepo, mayi wojintcha wa imvi zapatalipatali.

"Watanganidwa. Jakisoni wogonetsayo musiyeni, ndipirira."

"N'zowawitsa pakhosi, mukudziwa?"

"Ndinabereka mwana m'nyumba chipale chofewa chitatseka msewu. Tiyeni."

Anamupopera mankhwala owawa pakhosi mpaka lilime linalemera, n'kumugoneka chammbali, n'kumulumitsa kapulasitiki kobowoka pakati. Dokotala anali mnyamata wa magalasi, waulemu koma wachangu. Chipaipi chakuda cha kamera chitafika pammero, thupi lonse la Kinue linakana. Anachita ngati asanza, misozi ndi malovu zikutsikira pathaulo, miyendo ikuphiriphitha. Anafuna kuchizula ndi manja, anafuna kuitana munthu, koma dzina loti aitane analibe.

Pamenepo dzanja linatera pamsana pake. Linali la namwino uja, lotambalala, lofunda, ndipo linayamba kusisita pang'onopang'ono kuchokera pamapewa kutsika m'munsi, kubwerera, kutsikanso.

"Pumirani m'mphuno, amayi. Eya, choncho. Malovu asiyeni azituluka, musachite manyazi. Povuta mwadutsa kale. Mukuchita bwino kwambiri."

Amatero ndi wodwala aliyense, ndi ntchito yawo, ndipo Kinue ankadziwa zimenezo. Koma chimwalirireni mwamuna wake palibe munthu anali atamukhudza, kupatula womubaya singano kapena womupatsa chenji m'sitolo. Msana wake unali utaiwala. Tsopano unakumbuka, ndipo misozi yomwe inayamba chifukwa cha chipaipi inapitirira pa chifukwa china. Dokotala ankalankhula zake, akuti apa pali poyera, apa mitsempha ikuonekera, apa pali kachilonda, titapepo kanyama kakang'ono tikapime. Kinue sankamvetsera. Ankangotsatira dzanjalo, kukwera, kutsika, kukwera.

"Tatha," anatero dokotala. Chipaipi chinatuluka, dzanja nalo linachoka. Pamalo pomwe linali panayamba kuzizira.

Atapukuta kumaso ndi kuvala juzi yake, anamulowetsa mu ofesi. Dokotala anamuonetsa zithunzi pakompyuta, zinthu zotuwa zonyezimira zomwe Kinue sanakhulupirire kuti ndi zake. Anati kachilondako n'kakang'ono, ndipo zoterezi zikapezeka msanga zimachotseka, koma adikire kaye zotsatira za kanyama kaja.

"Mukamadzabwera kudzamva, mudzabwere ndi wachibale. Muli ndi ana?"

"Mmodzi. Ali kutali, ndi wotanganidwa."

"Muyesetse ndithu, amayi."

Kinue anagwedeza mutu. Anaimirira, anawerama, anafika pachitseko. Namwino uja anali m'chipinda chinacho, akuyala thaulo latsopano, akuitana dzina la wodwala wotsatira. Kinue anatembenuka, mawu akutuluka mosasa chifukwa cha mankhwala.

"Adokotala, tsiku limenelo mudzalowetsanso kamera ija?"

"Ayi, ayi, musade nkhawa," anatero dokotala akumwetulira. "Zovutazo zatha. Tidzangokhala pansi n'kukambirana basi."

"Oo," anatero Kinue. "Basi chabwino."