Nyimbo Yopanda Piyano

A Gottlob anatembenuza mapepala a nyimbo yatsopanoyo kawiri konse, mpaka kuwakutumula. Mzere wa piyano munalibe.

"Ottokar, a positi ataya mapepala anga."

"Sanataye kanthu, mnzanga. Wopekayo wailembera vayolini yekha. Loweruka ndiimba ndekha."

Zaka makumi atatu akuimbira limodzi m'holo ya tauni ya Gera, a Ottokar pa vayolini, iwo pa piyano, ndiye lero ati ndekha. Zinawawawa a Gottlob, anaona kuti basi atayidwa. Anayesa kulemba okha mzere wa piyano, koma a Ottokar anakulungira soseji m'pepalalo. Anapempha kuti azingotembenuza mapepala, koma munthuyo anali atailoweza kale pamtima.

"Nanga ndingokhala pa piyanopo osakhudza?"

"Iwe, anthu aziti wabwera kudzalira maliro ake."

Loweruka masana a Gottlob anakhala pa mzere wachitatu, pakati pa dokotala wa mano ndi mayi wina wogulitsa zipewa, nkhope ili ndwii, atalumbira kuti m'manja sawomba.

A Ottokar anatulukira, anawerama, anapana vayolini ndi chibwano, nkukweza uta. Basi, pomwepo. Uta uli m'mwamba, thukuta lili kamukamu, anthu ayamba kutsokomola.

"Nyimbo za masiku ano zimayamba chonchi," ananong'ona dokotala uja.

"Pamenepa ndiye pakundikomera," anayankha mayiwo.

A Gottlob okha ndi amene anazindikira vuto. Zaka zonsezo, nyimbo ikamayamba iwo ankakoka mpweya ndi mphuno, ndipo a Ottokar ankalowera pomwepo. Katswiriyo kuyamba yekha sankadziwa.

Anamusiya kaye kuti akhaule, akuwerenga chamumtima mpaka khumi. Atafika pa seveni chisoni chinawagwira. Anakoka mphuno mwamphamvu, holo yonse nkumva, mayi wa zipewa nkuwapatsa kampango.

Uta unatsika. Ndipo abale, nyimboyo inali yokoma, vayolini mmodzi akulira ngati ali atatu. Inali ndi zigawo zinayi, ndipo chilichonse chikatha a Ottokar ankaima, khutu lili ku mzere wachitatu.

Pomatha chigawo chachitatu a Gottlob misozi inali mbwembwembwe. Anafwenthera osafuna, ndipo mnzawoyo, amene anali akupukuta thukuta, anataya kansalu nkuyamba kuimba.