Maliro a Munthu Wamoyo

Wakubayo anali atafa kale kambirimbiri m'mawa umenewo, koma Hamilton anamubwezanso poyambira kuti afenso. Pa sikirini, gulu la anthu linamugwetsera pakati pa mabenchi a tomato, wina nkumuponda pakhosi, wina nkukweza njerwa. Hamilton anaimitsa chithunzi njerwa ili m'mwamba, natukwana.

Ntchito yake inali yopeka nyimbo zoyala pansi pa mafilimu a anthu ena. Unyamata wake wonse anauthera ku Los Angeles, akupeka tinyimbo totsatsira mankhwala otsukira mano ndi ta mafilimu amene ngakhale eni ake sankawaonera. Atatopa anabwerera ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumene anafikira kalelo ali mwana wasukulu, nkupeza anzake ali ndi mimba, nyumba ndi maudindo kutchalitchi. Iye anali ndi chipinda chapansi pa nyumba ya lendi, kiyibodi, masipika awiri, ndi filimu ya Belinda.

Belinda anali mtsikana wa ku Indianapolis amene anachoka ku Malawi asanathe kulemba dzina lake. Filimu yake yoyamba anakaijambula kwawoko, ndipo inali ya munthu wophedwa ndi gulu mumsika. Wina wokonza maphokoso panalibe, choncho Hamilton anachita yekha zonse. Pofuna phokoso la mutu ukuphwanyika, anamenya kabichi ndi thabwa mpaka chipinda chinanunkha ngati kuseri kwa lesitilanti. Kuthyoka kwa nthiti anakupeza mu mzimbe wogula kusitolo ya Amekisiko. Zimenezo zinatheka. Nyimbo ndiyo inakana. Akaika mavayolini, imfa inkaoneka yosamba, yodzola mafuta. Ng'oma anazikana yekha, poti mzungu akamva ng'oma amayamba kuyembekezera mikango.

Kwathu imfa imamveka. Ku Ndirande unkadziwa kuti wina watisiya usanatsegule chitseko, chifukwa mawu a amayi ankadutsa malata, kudutsa mfuleni, nkukupeza uli ndi mswachi mkamwa. Kuno munthu amafa ngati akupepesa, m'nyumba ya kapeti, anthu akunong'onezana pafupi ndi bokosi la tishu. Akuganiza zimenezi, Hamilton anakumbukira kuti kulira kwenikweni anali nako mu kompyuta.

Chaka chathachi kunali maliro a Gray, namwino amene anagwa ndi mtima potuluka kuntchito. Abale anapempha Hamilton kuti aike mamayikolofoni ake kuti akumudzi amve mwambo pa foni. Bokosi likutsekedwa, Magdalene, mkazi wa malemuyo, anaiwala kapeti, anaiwala azungu a nyumba ya maliro, nalira ngati ali pakhomo pa amayi ake: "Abambo a Shalom! Abambo a Shalom mayo, mwandisiya kuchilendo!"

Hamilton anakoka mawuwo nkuwaika pansi pa njerwa. Anali aatali: njerwa inkafika pamutu mayiyo asanamalize. Anadula kumapeto. Anali aatalibe. Anadula kumayambiriro, "abambo a" nkugwa pansi ngati zodula za telala. Zotsalazo anazichedwetsa, kuzikulitsa, nkuyala chelo, vayolini wamkulu wa mawu okhuthala, pansi pake. Njerwa ikatsika, mawu ankakwera: "Shalom mayo!" Ikatsikanso, chimodzimodzi. Tsitsi linamuima. Anadziwa kuti pa moyo wake wonse sanapangepo kanthu kofika apa, ndipo kuti mwina sadzapanganso.

"Ankolo, mwandipha!" anakuwa Belinda pa foni atamvera. "Shalom si mtendere? Akuphwanya munthu mutu, wina akuimba mtendere! Ndani akuimbayo?"

"Mawu akale," anatero Hamilton.

"Musatachenso chilichonse. Lamulungu tionetsa anthu athu, Lolemba ndikuitumiza ku festivo ya mafilimu."

Lamulungu Hamilton anatsika ndi msewu wa 31 kupita ku Indianapolis, kudutsa minda ya chimanga yopanda munthu ndi mmodzi yemwe, chimanga chodyetsa nkhumba ndi magalimoto. Holo imene Belinda anabwereka inali pa Lafayette Road, pakati pa sitolo ya nyama ya mbuzi ndi malo okonzera matayala. Masana amenewo Amalawi anadzaza, ena atavalabe yunifolomu ya kuchipatala. Hamilton anakhala kumbuyo, pa tebulo la laputopu ndi mawaya.

Poyamba anthu ankangosangalala kuona kwawo.

"Eee, minibasi iyo ndinaisiya ikufa, ikadayendabe?"

"Khalani chete inu, munachoka muli ndi tsitsi!"

Kenaka wakuba anagwa, kuseka nkutha. Njerwa inakwera, inatsika, mawu aja nkudzaza holo. Palibe anatsokomola. Hamilton anatseka maso kuti amve bwino chete ameneyo.

Mpando unagwa kutsogolo. Magdalene anali ataimirira, manja ali kumutu. Chimwalirire mwamuna wake anasamukira ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis, kukakhala ndi mwana wake wamkazi, ndipo mwanayo, Shalom, anali pambali pake, mimba ili yotopa, ya masiku omaliza.

"Mom, that's you," anatero Shalom. Iye Chichewa ankamva koma sankayankha. "Why are you crying for me?"

"Malodza!" anakuwa mayi wina wachikulire. "Mwana ali ndi pakati, mayi ake akumulira! Zimitsani!"

Amene anazimitsa anali Yohane, mng'ono wa malemu Gray, munthu wa manja onyamula odwala tsiku ndi tsiku. Anazula waya pakhoma, nayenda pakati pa mipando osafulumira mpaka pa tebulo la Hamilton.

"Achimwene, mawu awa mwawatenga kuti?"

"Ndi a pamaliro a Gray. Ndimati ndidzakuuzeni filimu ikatuluka."

"Pamaliro a Gray ankalira Gray. Apa akulira ndani?"

"Ndi nyimbo chabe, Yohane. Ndinangodula pang'ono kuti igwirizane ndi chithunzi."

"Munadula chiyani?"

"Timawu tiwiri. 'Abambo a.'"

Anazimva zikutuluka mkamwa mwake. Mkazi wa kwathu satchula dzina la mwamuna wake, ngakhale pa bokosi. Amamuitanira pa dzina la mwana. Hamilton anakula akumva zimenezi m'nyumba ya makolo ake omwe. Koma anakhala nthawi yaitali pakati pa anthu amene mawu kwa iwo ndi utali ndi kukwera basi, ndipo atamva "Shalom" anangomva zigawo ziwiri zokwana pa njerwa.

"Mwachotsa wakufa m'bokosi," anatero Yohane, "mwagonekamo wamoyo. Dilitani. Panopa."

Hamilton anaika dzanja pa laputopu. Akanapepesa, mwina zikanathera pamenepo.

"Filimu ikupita mawa. Yohane, iwe wamva mmene holo yonse inakhalira chete? Chinthu ngati ichi munthu sapanga kawiri. Shalom sangafe chifukwa cha sipika."

Khofi linamupeza pa khutu lamanzere, chikhatho chonse, ngati chitseko chomenyedwa ndi mphepo. M'mutu munaphulika kanthu. Anagwa ndi tebulo lomwe, mawaya nkumukulunga miyendo. Nsapato inamulowa m'nthiti, kenaka m'mimba, kenaka m'nthiti momwemo. Anamva kanthu kakusweka mkati, kopanda phokoso lokoma ngati la mzimbe, kongoti phwa, konyowa. Anayesa kukwawira pansi pa mipando koma Yohane anamukoka ndi kolala, nammenyetsa nkhope pa matailosi. Dzino linatsalira pomwepo. Amuna awiri anamugwira Yohane m'mapewa, iye nkuwakutumula ngati jekete.

"Iwe! Achimwene anga unawajambula kuti uzidyera? Galu iwe! Mfiti ya laputopu!"

"Ndikukola 911!" anakuwa Belinda, foni ili m'manja.

Mkulu wina wampingo anamulanda foniyo mwaulemu ndithu. "Mwana iwe, anthu ena muno mapepala awo sali bwino. Apolisi akabwera satenga mmodzi."

Yohane anagwira dzanja lamanja la Hamilton, nalitambasula pansi, naika chidendene pa zala. Ndi phazi linalo anakankhira laputopu pafupi ndi nkhope yake.

"Sankha. Zala kapena nyimbo."

Magazi ankatuluka m'khutu nkutsikira m'khosi, ofunda. Hamilton anayang'ana zala zake, nayang'ana laputopu, ndipo anthu onse anaona kuti akuganizadi. Chidendene chinatsika pang'ono. Chala chaching'ono chinalira.

"Alamu, dikirani."

Anali Magdalene. Anagwada pafupi ndi mutu wa Hamilton, nakonza chitenje chake pa mawondo. Anayankhulira ku khutu lamanzere, ataona kuti munthuyo sakumva anazungulira kupita kumanja.

"A Hamilton, tsiku lija ine sindinkaimba. Mawu aja ndinawapereka kwa mwamuna wanga, anapita nawo. Maliro tinamaliza, tinasesa. Inu mwawafukula, mwawaveka dzina la mwana wanga." Sanakweze mawu. "Mukuti sipika siipha. Chabwino, inu ndinu ophunzira. Mwanayu alowa m'chipatala sabata ino. Zikavuta, ndidzalira dzina lomweli, lopanda kudula. Mudzabwere ndi mayikolofoni anu, mudzajambule zenizeni."

Hamilton anatambasula dzanja lamanzere. Zala zinkaterereka ndi magazi, moti anaphonya kangapo asanapeze fayiloyo. Anaifufuta. Yohane anauza Belinda kuti nayenso afufute yake, anthu akuona, ndipo mtsikanayo anatero akulira. Chidendene chinachoka. Palibe anamudzutsa Hamilton. Anthu anapinda mipando momulambalala, amayi akulongedza mandasi otsala.

Kuchipatala Hamilton anati anagwa pa masitepe. Dokotala anayang'ana chidindo cha nsapato pa nthiti zake, nalemba zimene anauzidwa. Dokotalayo anati mkati mwa khutu mwang'ambika. Mwina lidzamvanso, mwina ayi.

Lolemba m'mawa anali m'chipinda chake chapansi ku South Bend, chala chili chomangidwa, kupuma kulikonse kukumubaya. Yohane sankadziwa kuti wopeka nyimbo sasunga ntchito pamalo amodzi. Mu kompyuta yaikulu zonse zinalimo: maliro a Gray athunthu, ndi nyimbo ija, yosakhudzidwa. Apa panalibe chidendene. Ku festivo kukakhala azungu okhaokha, amene akamva mtendere pamwamba pa njerwa nkuimirira kuomba m'manja. Pofika nthawi imene Amalawi adzadziwe, dzina lake lidzakhala litalembedwa kale.

Foni inalira. Anaiika ku khutu lamanzere mwachizolowezi, osamva kanthu, nkuisamutsa.

"Ankolo, muli moyo?" Anali Belinda. "Pepani, koma ndikufuna sini ya njerwa ija isanakwane faifi. Muikepo chilichonse, kaya mavayolini." Kenaka anawonjezera kuti, "Shalom matenda amuyamba. Apita naye kuchipatala cha ku dauntauni. Akuti mwana wakhala molakwika, mwina amuchita opareshoni."

"Ine zikundikhudza bwanji?"

"Sindinati zikukukhudzani. Ndangokuuzani."

Anaika foni pansi. Iye za malodza anasiya kukhulupirira ali ku sekondale. Anawerenga mabuku okwanira kudziwa kuti mwana amakhala molakwika m'mimba popanda womulira. Anadziuza zimenezi momveka, m'chipinda mopanda munthu, kenaka anasindikiza kuti nyimbo iyambe. Wakuba anagwa, njerwa inakwera. "Shalom mayo!" Mawu anatuluka ku sipika ya kumanja yokha, ya kumanzere inkangonjenjemera ngati pakamwa pa munthu wa kuseri kwa galasi. Ngakhale ndi khutu limodzi, inali yokoma kuposa chilichonse chimene anapangapo. Njerwa inakweranso. Anaimitsa mayiyo asanatchulenso dzinalo.

Anafufuta nyimboyo. Anafufuta maliro a Gray. Anatsegula kabokosi kosungira zinthu kamene kanali mu drowa, nafufutanso mmenemo, akutukwana Yohane, Magdalene, Ndirande ndi amayi ake omwe amene anamubereka kumene anthu amaopa mawu.

Pa sikirini njerwa inkatsika tsopano popanda kanthu, kabichi yekha. Koma m'chipindamo simunali chete. Chichokereni ku holo kuja, m'khutu lakufalo munali kulira kamawu kamodzi, kopyapyala, kosapuma, ngati waya wokokedwa kwambiri. Wakubayo, njerwa yoyamba itamupeza, sakanamva mavayolini kapena amayi olira. Akanamva chimenechi.

Anakokera kiyibodi pafupi. Ndi dzanja lamanzere anayamba kukwera makiyi a kumapeto, mmodzimmodzi, akupendeketsa mutu, kufunafuna amene akugwirizana ndi kulira kwa m'mutu mwake. Wina anali pansi pang'ono, wotsatira anali pamwamba pang'ono. Kanali pakati, pamene kiyibodi ilibe kiyi. Anagwira kagudumu kopindira mawu ndi dzanja lomangidwa lija, ululu nkukwera mpaka m'chigongono, napinda pang'onopang'ono mpaka mawu a mu sipika ndi a m'khutu anakhala amodzi. Anabweza wakuba uja poyambira, nayamba kujambula.