Nambala ya Pensulo

Tiyi wa masana anali atazizira pamene Kieran anatsegula laputopu pa tebulo la kukhitchini, pakati pa mbale za chakudya chimene anansi ankabweretsabe, masiku anayi chiikireni maliro a bambo ake, a Merv.

"Kalata ya dandaulo ndalemba," anatero. "Dokotala Thuy anaona kadontho m'mapapo mwa adadi n'kunena kuti si kanthu. Amayi, inu mungosayina."

A Glenys, mayi awo, anapukuta magalasi. Bronwen, mchemwali wake wa Kieran, anagwira thumba la juzi yake. Munali pepala limene analipeza m'mawa mu kabati ya malemuwo.

A Merv anagwira ntchito zaka makumi atatu pa chipatala china ku Newcastle, kuyang'anira makina ojambula khansa m'thupi. Ana awo anakula akumva nkhani imodzimodzi pa chakudya: chotupa chikakhala chaching'ono, kuwala kwake pa chithunzi kumamwazikira m'mbali, ndiye chimaoneka chozimirira ngati chopanda vuto. Ntchito yawo inali kukonza nambala ya makinawo kuti inene zoona.

"Ndiye kuti anamuphunzitsa okha ntchito adadi, mtsikana ameneyu," Kieran anapitiriza, akuyendayenda. "Achotsedwe basi."

"Takhala pansi iwe," anatero Bronwen. "Ukungozungulira ngati galu wosowa pogona."

"Iwe uli mbali ya ndani?"

Bronwen anayang'ana mayi ake. Akabisa pepalalo, munthu wosalakwa aonongekerwa ntchito. Akalitulutsa, amayiwo adziwa zimene amuna awo anawabisira. Anazengereza, kenako analiyala pa tebulo.

Chinali chithunzi cha mapapo, kadontho kotuwa kali kumanzere. Nambala ya makina yosonyeza kuwala kwa kadonthoko, 2.1, inali yokhwatchidwa ndi pensulo. Pambali pake a Merv anali atalemba nambala yokonzedwa, 5.8, n'kuizunguliza kawiri. Pansi panali mawu olembedwa ndi dzanja lopendekera la bambo awo: "Ndamuonetsa Thuy, wavomera kuti ndi khansa. Ndamupempha aime kaye, asauze aliyense, mpaka Glenys atayamba kuyenda."

A Glenys anavala magalasi, chala chawo n'kuima pa deti.

"Sabata yomwe anandichita opaleshoni ya chiuno," anatero motsitsa mawu. "Miyezi itatu akundisambitsa, akundinyamula kupita kuchimbudzi. Ine n'kumamukalipira kuti chifuwa chakecho chikundisokosa."

"Amayi, simukanadziwa," anatero Bronwen.

"Wamakani uja," anatero a Glenys. "Wamakani wachabechabe."

Kieran anatseka laputopu pang'onopang'ono. M'khonde munamveka ngati munthu wakonza kukhosi monga ankachitira a Merv, ndipo onse atatu anacheuka. Inali mipope ya madzi otentha.

Kutacha, udzu wa pakhomo unali utafika m'mawondo. Kieran anakatulutsa makina otchetchera mu shedi, koma sanawalize. Bronwen ataona kuti kwakhala zii, anamutsatira.

Anamupeza atagwada, akuwerenga. Pa chogwirira cha makinawo panali pomata tepi yoyera, yoyamba kale kufiira m'mbali, yolembedwa ndi dzanja lopendekera lomwelija: "Glenys, usakoke chingwechi wekha ndi chiuno chakocho. Itana Kieran. Azinyinyirika, koma abwera."

Kieran anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya. Anatsegula mafuta, n'kukoka chingwe. Makinawo analira atakoka kachitatu.