Diso Lofiira la Rauta ya Greenwell

"Usalime m'mbali mwa mpandamo, Greenwell. Anthu aja akwirira chingwe chawo mmenemo, ndipo sanazamitse ayi. Ine ndimaona."

Agogo Tusekile ananena mawuwa Loweruka m'mawa, ali pakhonde la nyumba ya mdzukulu wawoyo ku Area 11. Kuona ankaonadi. Kusukulu sanapondeko, koma panalibe kanthu kolowa pageti paja iwo osakayang'anitsitsa. Lachinayi, amisiri a kampani ya intaneti atabwera kudzakoka chingwe, agogo anawalondola kuchokera kumsewu mpaka pakhoma la pabalaza. Kangalande kamene anakumba kanali koti nkhuku ikhoza kufukula.

Greenwell anaseka. Mvula yoyamba inali itagwa dzulo lake, ndipo iye, ngakhale ankagwira ntchito ya muofesi ku Capital Hill, chaka chilichonse ankapanga yekha mizere ya chimanga kuseri kwa nyumba.

"Agogo, kwa inu chilichonse n'choopsa. Ayironi mumaiopa, ketulo mumaiopa. Zingwe zimenezi amaziika m'paipi."

"Paipi sindinaione."

Koma munthu anali atasenza kale khasu.

Lolemba ndi tsiku limene kampani inalonjeza kutsegula intanetiyo, ndipo Greenwell sanapite kuntchito. Nthawi ya 2 koloko masana anayenera kuonana pa laputopu ndi akuluakulu a sukulu ina yakunja, omwe ankasankha munthu mmodzi woti akaphunzire kumeneko ulere. Anali atayesa zaka zitatu. M'nyumbamo foni inkagwira mwa apo ndi apo, n'chifukwa chake anakoketsa chingwe.

Anatulutsa rauta m'katoni, kabokosi koyera ka nyanga ziwiri, n'kukalumikiza kukhoma. Agogo anakoka mpando, koma osayandikira kwambiri, pakuti zinthu za magetsi sizidziwa mwini wake. Kabokosiko kanatsegula maso anayi. Atatu anali obiriwira, limodzi lofiira ngati khala.

"Ilo lakwiya chiyani?" anafunsa agogo.

"Likudzuka kumene, agogo. Lisintha."

Silinasinthe. Greenwell anazimitsa, anawerenga mpaka khumi, n'kuyatsanso. Psuu, lofiira lomwe lija. Laputopu inkaiona rautayo bwinobwino, dzina lake n'kumaoneka, koma tsamba lililonse linkangozungulira osatseguka. Lizzie, mkazi wake, anafunyulula kapepala ka malangizo n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Akuti mubaye kabowo kakumbuyoko ndi kanthu kosongoka."

"Mubaye?" Agogo anagwira pachifuwa. "Chinthu chogula dzulodzuloli?"

Komabe chidwi chinawaposa mantha. Anamasula phini wa pabulauzi yawo n'kupereka, kenaka anasuzumira kuti aone ngati mutuluke utsi. Maso onse anatseka, n'kutsegukanso limodzilimodzi. Diso lachinayi lija linabwerera ndi ukali wake.

Greenwell anatuluka panja kukaimbira kampani. Anabwerako thukuta lili kamukamu. "Akuti kwawoko zonse zili bwino, ndione chingwe. Chingwe si ichi? Chalowa bwinobwino!" Anachizula, anachiuzira mpweya, n'kuchibwezera.

Agogo anakodola Lizzie. "Tandiuza, mwanawe. Intanetiyi imalowera kunyangazi kapena kuchingwe?"

"Imabwera m'chingwe, agogo. Nyangazo n'zogawira m'nyumba muno."

"Ngati madzi a pampopi?"

"Eya, chimodzimodzi."

Sanafunsenso. Anatenga ndodo yawo, anatuluka mwakachetechete, n'kuyamba kutsata njira ya amisiri aja. Pakhoma, pansi pa zenera, kenaka m'mbali mwa mpanda. Pa mzere wachitatu anatokosa dothi ndi ndodo. Panatuluka mutu wa chingwe chakuda, wodulidwa mosalala monga khasu lakuthwa limadulira muzu. Mutu wina unali pafupi pomwepo.

Poyamba anachigunda ndi ndodo, kuopa kugwidwa ndi magetsi. Chitakhala chete, anagwada n'kuchinyamula. Ankayembekeza kuona waya wofiirira ngati wa wailesi, koma mkatimo munali kaulusi kamodzi kowala ngati galasi, kochepa ngati tsitsi la khanda. Anakatembenuza padzuwa. Ha! Ndiye kuti nkhope za anthu ndi mawu awo omwe zimadutsa m'kameneka? Zimapanikizana bwanji? Anamanga mitu iwiri ija mfundo yolimba, monga ankamangira chingwe cha mbuzi kumudzi, n'kubwerera m'nyumba kukaona ngati diso lakhululuka.

Linali likadali lofiira.

"Greenwell, tiye ukaone chimene khasu lako linadya."

Mdzukulu uja anaima pamzere wake wachitatu atavala kale jekete ndi tayi. Anayang'ana mfundo ya agogo, anayang'ana wotchi. Kunatsala mphindi makumi awiri. Lizzie anagwira pakamwa kubisa chiseko, koma ataona nkhope ya mwamuna wake chiseko chinathawa chokha.

"Chimangeni bwino inuyo amene munapita kusukulu," anatero agogo. "Mwina ine ndakhwimitsa kwambiri, mawu akulephera kudutsa."

"Sichimangidwa, agogo. Chimafuna makina." Anaimbanso foni. Amisiri anati abwera Lachitatu.

Anathamangira kunja kwa geti, pachulu pamene foni inkagwirako pang'ono. Agogo anamukuwira kuti atenge ambulera poti kumwamba kunali kutada, koma ndani anamva? Anakwera pachulupo, foni ili m'mwamba, n'kumamwetulira nkhope zitatu zimene zinatulukira pagalasi. Funso loyamba anayankha. Pa lachiwiri nkhope zija zinauma, kukamwa kuli yasa, ndipo madontho anayamba kugwera pa tayi. Anakuwa "Mukundimva?" kasanu, mpaka foni inadula yokha.

Lachitatu amisiri anafika ndi makasu awo. Pofuna kuyala chingwe chatsopano, anagumula mizere yonse ya m'mbali mwa mpanda, chimanga chitangoyamba kumera. Diso lija linabiriwira madzulo omwewo, ndipo uthenga woyamba umene unalowa m'nyumba ya Greenwell kudzera m'kaulusi kaja unali wochokera kusukulu yakunja ija, womudziwitsa kuti malo apatsidwa kwa wina.