Lumo la Damiano

Damiano anali mkamwini m'mudzi wina pafupi ndi Mkaika, ndipo chipala chake chinali kuseri kwa khola la alamu ake. Pamenepo ankasula nsompho, mipeni, singano zosokera mphasa ndi malumo, n'kukagulitsa ku Katete. Mvukuto ankamupopera mkazi wake Rhoda. Mvula itangosiya, Rhoda anamwalira.

Mwambo aliyense ankaudziwa. Akameta maliro kachiwiri, mkamwini amasudzulidwa, n'kubwerera kwawo. Kwawo kwa Damiano kunali ku Vubwi, kumene anachoka ndevu zisanamere. Amene akanamuzindikira kumeneko onse anali kumanda.

Koma m'mudzimo sanametepo maliro ndi china kupatula lumo latsopano la pachipala chake. Choncho Bizwick, mchimwene wake wa Rhoda, atabwera kudzaitanitsa lumo, Damiano anaona pobisala.

"Makala anyowa, alamu."

Mwezi unatha.

"Alamu, lumo lija?"

"Wopopa ndilibe. Manja ndi awiri okha, mukuwaona."

"Kodi mukusula lumo kapena njanji ya sitima?" anatero Bizwick, osaseka.

Damiano ankakhala yekha pachipala, kachitsulo ka sipiringi ya lole kali pamwala. Ankapopa ndi dzanja limodzi, moto n'kuyaka, akagwira nyundo moto n'kugona. Zina zonse ankasula ndithu, zokhotakhota. Lumo lokha ankalitenthetsa, kulimenya kamodzi, n'kulibwezera m'phulusa. Mbale ya ndiwo ankaipeza pakhomo, woibweretsa atapita kale.

Tsiku lina m'mawa anamva mowa wa maliro ukununkha. Anatuluka, napeza amayi akudutsa ndi mitsuko, mitu yometedwa ili mbee. Bizwick anali pansi pa mtondo, kanthu konyezimira kali pakati pa zala.

"Lezala, alamu. Ndagula kusitolo ya Hussein ku Katete. Bwerani, mwatsala nokha."

"Maliro a Rhoda mumete ndi kachitsulo ka m'pepala?"

"Tsitsi silinafunse," anayankha Filomena, mng'ono wake wa Rhoda, akusesa lomwe linagwa.

Damiano anakhala pamphasa. Lezalalo linali litabuntha ndi mitu ya mudzi wonse, ndipo linamucheka pamwamba pa khutu. Atamaliza kumumeta, Bizwick anayankhula mawu omusudzula mwaulemu wonse: anatisungira mlongo wathu bwino, tilibe naye mlandu, njira ndi yotseguka.

Masana anabwerera kuchipala. Anakanikiza mvukuto ndi phazi, nalimaliza lumo lija dzuwa lisanapendeke. Linatuluka lowongoka, lakuthwa moti linameta ubweya wa pamkono wake osamveka.

Anamanga nyundo ndi mbaniro m'chiguduli. Mwala wosulira sunali wonyamula, ndipo chikopa cha mvukuto chinali cha mbuzi ya eni mudzi. Lumo analisiya pamwalapo.

Filomena anamuthamangira kunjira, lumo lili m'manja.

"Alamu, mwaiwala ichi."

"Sungani. Mudzametere maliro a Bizwick."

Anapitirira kumsewu waukulu, ntchentche zikutsata bala la pakhutu.